Mapu a BGS a pa intaneti sakutchula gypsum pa puloti ya ku Ripon, chikuvuta n'chiyani?

Nabanda_Leeds

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumagwira ntchito ndi mapu a miyala kuno ku UK. Ndikulemba desk study (lipoti lochokera m'mapu ndi zolemba zomwe zilipo kale) ya puloti ina chakum'mawa kwa Ripon, ku North Yorkshire, kufupi ndi mtsinje wa Ure. Eni ake akufuna kumangapo nyumba ziwiri, koma a khonsolo akuti pulani sangaiyang'ane popanda lipoti la kukhazikika kwa nthaka, nkhani yake ya gypsum, mwala wofewa umene umasungunuka ndi madzi.

Ndatsegula Geology Viewer ya BGS (British Geological Survey, bungwe lofufuza za miyala ku Britain) ndipo mutu wazungulira. Ndikadina pa pulotipo, pamwamba akuti pali mchenga ndi nsangalabwi za mtsinje. Pansi pake, theka la kumadzulo akuti Brotherton Formation, miyala ya laimu, theka la kum'mawa akuti Roxby Formation, mudstone (mwala wochokera ku matope). Za gypsum palibe paliponse. Ndiye a khonsolo akuitenga kuti?

Chinanso, ndinatsitsa mapu aulere a 625K (sikelo ya 1:625 000) n'kuwaika mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta. Mmenemo mzere wodutsa pakati pa puloti uja uli kutali, puloti yonse ndi mtundu umodzi. Ndikhulupirire ati? Ma coordinate amene ndinatenga ndi foni pa ngodya za puloti nawo akugwera m'munda wa eni ena, pafupifupi mamita 100 kuchoka pamene akuyenera kukhala. Ndipo zolemba za ma borehole akale zimene amati zimaonedwa kwaulere zija, mu viewer imeneyi sindikuziona.

Chimwala

Achemwali, a khonsolo sakulota ayi. Gypsum ilipo, kungoti kabokosi kamene kamatuluka mukadina kaja sikanapangidwe kuti kanene zonse. Kamakuuzani dzina la thanthwe loyamba limene mungaligunde mutachotsa dothi lonse la pamwamba, ndi mtundu wa mwala umene wachuluka m'thanthwelo, basi. Zili ngati kuyang'ana denga la udzu muli pamwamba pa mtengo: udzu mukuuona, koma ngati phaso ladyedwa ndi chiswe simungadziwe.

Pansi pa dzina la thanthwe m'kabokosimo pali linki yopita ku Lexicon ya BGS, kaundula wa mayina a miyala. Tsegulani tsamba la Roxby Formation. Mupeza kuti gypsum ndi anhydrite (mbale wa gypsum wopanda madzi mkati) zatchulidwa momwemo. Pa tsamba lomwelo werenganinso pamene akufotokoza malire a pansi ndi a pamwamba, chifukwa ndi pamene amatchula thanthwe limene lili pansi pake. Mukatsata mayinawo limodzi ndi limodzi, mudziwa mmene miyala inasanjikizirana.

Ku Ripon inasanjikizana chonchi kuyambira pansi. Cadeby Formation, yomwe ndi dolomite, mwala wonga laimu koma wokhala ndi magnesium. Pamwamba pake Edlington Formation, mudstone wofiira wokhala ndi gypsum yochindikala mpaka mamita 40. Kenako Brotherton Formation, laimu wa mamita 10 kapena kupitirira pang'ono. Kenako Roxby Formation, mudstone winanso wokhala ndi gypsum yofika mamita 10 chakumunsi kwake. Zinayi zimenezi ndi za nyengo ya Permian, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, pamene kuno kunali nyanja ya mchere imene inkaphwa n'kudzazanso. Pamwamba pa zonse pali Sherwood Sandstone. Miyala yonseyi inapendekera pang'ono kum'mawa, n'chifukwa chake mukamayenda kuchoka kumadzulo kwa tauni kupita kum'mawa mumaponda yakale poyamba, yaing'ono msinkhu pambuyo.

Tsopano onani puloti yanu. Theka limene mapu akuti Brotherton lakhala pamwamba penipeni pa gypsum ya Edlington. Theka limene akuti Roxby lili ndi gypsum yakeyake, kenako laimu, kenako gypsum ya Edlington ija. Mitundu yonse iwiri imene mukuionayo ndi ya malo ovuta. Ndipo musapusitsidwe ndi mawu oti laimu n'kuganiza kuti kumadzuloko n'kolimba.

Chimene chimaipitsa Ripon ndi madzi. Mvula ikagwa kumtunda kwa kumadzulo imalowa mu dolomite wa Cadeby n'kumatsetsereka pansi potsata kupendekera kuja. Pansi pa mtsinje wa Ure pali chigwa chakale chakuya chimene chinadula miyala imeneyi n'kudzadzidwa ndi mchenga ndi nsangalabwi. Madzi aja, ali ndi mphamvu yokwera okha, amatulukira m'chigwa chimenechi, ndipo panjira amadutsa mu gypsum. Gypsum imasungunuka mofulumira pafupifupi ka 100 kuposa laimu. Pamapangika mapanga, denga la phanga limagwa, mpata uja umakwera pang'onopang'ono kuboola miyala ya pamwamba, tsiku lina n'kutulukira pabwalo. Mu April 1997 ku Ure Bank Terrace kunatseguka chidzenje cha mamita 10 m'mimba mwake, chimene chinameza magalaja. Mu February 2014 nyumba inang'ambika ku Magdalen's Close, ndipo mu November 2016 chinanso chinatseguka kuseri kwa nyumba za ku Magdalen's Road. Anthony Cooper wa ku BGS ndi amene wafufuza kwambiri za deralo. Pa nkhani za mapulani, deralo linagawidwa m'zigawo A, B ndi C: A kulibe gypsum, B iliko koma pansi kwambiri, C iliko ndipo madzi akuifikira. Ngati akukufunsani lipoti, mwachidziwikire muli mu C.

Za mapu awiri osagwirizana aja, tsatani a mu viewer, amene ndi a sikelo ya 1:50 000. A 625K anapangidwa kuti munthu aone dziko lonse pa pepala limodzi. Milimita imodzi pamenepo ndi mamita 625 pansi, kotero puloti yanu yonse ikhoza kubisala pansi pa mzere wa pensulo. Miyala yambiri anaiphatikiza m'magulu aakulu monga Zechstein Group, mizere n'kuiwongola.

Komabe ngakhale a 50K musawatenge ngati mapu a saveya. Milimita imodzi ndi mamita 50. Mukakulitsa pa sikirini mpaka kuona mpanda wa puloti, mzerewo umaoneka wakuthwa bwino, koma kulondola kwake sikunawonjezeke ngakhale pang'ono. Kuwonjezera apo, thanthwe la pamalo anuwo linakwiririka ndi mchenga, ndiye amene anajambula mzerewo sanauone ndi maso. Anauyerekeza kuchokera ku ma borehole ochepa ndi maonekedwe a mtunda. Mu lipoti musalembe kuti malire adutsa pakati pa puloti. Lembani kuti mapu akuonetsa malire pafupi kapena mkati mwa puloti, ndipo miyala yonse iwiri iyembekezeredwe paliponse.

Dothi la pamwamba nalo lili ndi misampha yake. Mapu amaonetsa limene lili pamwamba penipeni lokha, ndipo nthawi zambiri amalijambula likapitirira mita imodzi kuchindikala. Pansi pa nsangalabwi zanuzo pakhoza kukhala dongo losiyidwa ndi madzi oundana, kapena peat, dothi lofewa la zomera zowola. Kuchindikala kwake mapu sanena. Pamene sanaike mtundu uliwonse sizitanthauza kuti thanthwe lili poyera.

Musaiwale mapu a pepala. Pa BGS maps portal anaikapo zithunzi zake, zoonera ulere. M'mphepete mwake muli chithunzi chodula nthaka cham'mbali ndi mndandanda wa miyala ndi kuchindikala kwake, zinthu zimene viewer inazisiya. Kwa ine chithunzi chodula chija n'chimene munthu ayenera kuyamba kuona asanadine paliponse.

Mbewe_GIS

A Chimwala amaliza za miyala. Ine ndithandizeko pa makina.

Ma borehole ali mu GeoIndex Onshore, tsamba lina la BGS lomwelo. Geology Viewer ndi yoonera mwachangu, makamaka pa foni muli kumalo. Ntchito ya desk study imachitikira mu GeoIndex, ndipo pamafunika kompyuta, pa foni mungodzivutitsa. Ikatseguka mapu amakhala opanda kanthu, ma layer mumawonjezera nokha. M'bokosi lofufuzira malo lembani postcode kapena grid reference. Kenako pitani powonjezera data n'kusankha borehole records, bedrock (thanthwe) ya 50K, superficial deposits (dothi la pamwamba) ya 50K, artificial ground (malo okumbidwa kapena othiridwa ndi anthu), mass movement (zigumukire) ndi linear features. Ya linear features ija anthu amaidumpha, chonsecho ndi mmene muli ma fault, ming'alu ya m'thanthwe pamene miyala inasuntha. Superficial imaphimba bedrock, choncho muziyatsa imodzi n'kuzimitsa inzake, ndipo muchepetse kuwala kwa mtundu kuti misewu izionekera pansi. Layer ikakhala yoyatsa koma osaoneka, vuto ndi sikelo: yandikirani.

Timadontho ta ma borehole tili ndi mitundu yosiyana malinga ndi kuya. Mukadina kamodzi pamatuluka nambala yake, dzina, kutalika, easting ndi northing, ndi linki ya scan. Nambala imatsata grid: Ripon ili mu bokosi la makilomita 10 lotchedwa SE37, chigawo cha kumwera chakumadzulo, kotero ambiri ayamba ndi SE37SW. BGS ili ndi zolemba zoposa miliyoni imodzi, koma zina eni ake anaziika kuti ndi zachinsinsi. Kadontho mukaona, scan palibe. Yang'ananinso layer ya AGS boreholes, ya ntchito zaposachedwa zimene zinaperekedwa ngati data osati pepala.

Tsopano mamita 100 anu aja. Foni payokha imaphonya ndi mamita 5, mwina 10 pansi pa mitengo. Ikafika pa 100, makamaka ngati ngodya zonse zasunthira mbali imodzi ya kum'mawa kapena kumadzulo mofanana, vuto ndi datum, maziko amene ma coordinate amayezedwerapo. Foni imapereka latitude ndi longitude za WGS84, EPSG:4326. Mapu a BGS ali pa British National Grid, EPSG:27700, imene inakhazikika pa OSGB36. Ziwirizi zimasiyana ndi mamita 100 kapena kupitirira pang'ono m'madera ambiri a Britain. Pulogalamu ikatenga manambala a WGS84 ngati a OSGB36 osawasintha, zotsatira zake n'zimene mwaonazo.

Konzani motere. Project CRS, dongosolo la ma coordinate la project yanu mu QGIS, ikhale 27700. Poika CSV yanu kudzera pa Add Delimited Text Layer, X ikhale longitude, Y ikhale latitude, ndipo Geometry CRS ikhale 4326, osati 4277 ndiponso osati ya project. QGIS ikafunsa njira yosinthira, sankhani yotchula OSTN15 n'kuilola itsitse fayilo ya grid. Njira wamba ya Helmert imaphonya ndi mamita ochepa, zomwe pa mapu a 50K sizikuvutitsani, koma poti mudzafuna kuika malo oboola, zolowerani yolondolayo. Ngati layer ilipo kale ndipo ili ndi CRS yolakwika, mankhwala ake ndi Set Layer CRS. Mukachita Reproject pa layer yolakwika mumangosamutsa cholakwacho n'kuchikhomera.

Longitude ya Ripon ndi pafupifupi -1.52, latitude 54.14. Ka minus kakasowa mugwera mu North Sea. X ndi Y zikasinthana mupezeka m'nyanja ya India chakumpoto kwa Seychelles.

Grid reference muziisandutsa manambala okhaokha musanaiike mu tebulo. SE imatanthauza 4 kutsogolo kwa easting ndi 4 kutsogolo kwa northing, choncho SE 312 712 ndi 431200, 471200. Ya manambala 6 ngati imeneyi imaloza bokosi la mamita 100, ya manambala 8 bokosi la mamita 10. Muzikumbukira zimenezi poona ma borehole akale: easting ndi northing zonse zikathera pa 00, kadonthoko kali pa ngodya ya bokosi, osati pamene makina anaima.

Kuti muone 50K mu QGIS, gwiritsani ntchito WMS ya BGS, njira yoonera mapu awo kudzera pa intaneti. Adiresi yake ili pa tsamba lawo la web services. Layer, Add WMS/WMTS Layer, New, matani adiresi, Connect, n'kusankha ma layer. Imabwera ngati chithunzi. Identify imagwira, koma kudula, kuyeza kukula kwa polygon kapena kusintha mitundu sizitheka, ndipo mukatalikira imazimiririka. Ma polygon enieni a 50K ndi a laisensi yolipira, kupatula amene ali pa yunivesite yolembetsa Digimap. A 625K okha ndiwo otsitsa ulere pansi pa Open Government Licence. Chithunzi chilichonse chimene muike mu lipoti chikhale ndi mawu osonyeza kuti data ndi ya BGS.

Msampha wina: mukayamba ndi kuika OpenStreetMap kapena zithunzi za setilaiti, project imatenga EPSG:3857 osakuuzani. Pa latitude ya Ripon, 3857 imatalikitsa mtunda pafupifupi ka 1.7. Buffer ya mamita 250 yopangidwa pa layer ya 3857 pansi siikwana n'komwe mamita 150, ndiye ma borehole ofunika amatsala kunja inu muli phee.

Nabanda_Leeds

Zikomo kwambiri achimwene nonse awiri. CSV inali pa 4277, pano ngodya zakhala m'malo mwake. Mu GeoIndex ndapeza ma borehole angapo pafupi, koma ambiri ndi afupiafupi, amathera mu nsangalabwi. Yakuya ndi imodzi, yolemba pamanja, miyeso yake ndi ya mapazi. Pamwamba palembedwa 80 ft OD. Ikutchula "drift", kenako "red marl", ndipo pa mapazi 62 akuti "limestone, white, soft". Mayina a Roxby kapena Brotherton mulibe. Kodi laimu ameneyu ndiye Brotherton, kutanthauza kuti pamenepa gypsum ya Roxby kulibe?

Gama_geotech

Mayi Nabanda, pamenepo imani kaye. Mzere umenewo ndi woopsa kuposa yonse mu log imeneyo.

Tiyambe ndi zosavuta. Phazi limodzi ndi mamita 0.3048. Mapazi 80 ndi mamita 24.4 pamwamba pa Ordnance Datum (OD, mlingo wa nyanja woyezerapo kukwera kwa malo), mapazi 62 ndi mamita 18.9 kuya, choncho mwala woyerawo wayambira pa mamita 5.5 AOD, kutanthauza pamwamba pa Ordnance Datum. Ma log onse asandutseni chonchi musanawayerekeze. Kuya kokha sikuthandiza, chifukwa ma borehole awiri oyandikana akhoza kuyambira pa mitunda yosiyana, ndiponso malo ena anathiridwa dothi kapena kukumbidwa chiboolereni.

Mayina atsopanowa m'zolemba zakale simuwapeza. Drift ndi dothi la pamwamba lija, solid ndi thanthwe. Lower Magnesian Limestone ndi Cadeby, Middle Marl ndi Edlington, Upper Magnesian Limestone ndi Brotherton, Upper Marl ndi Roxby, Bunter Sandstone ndi Sherwood. Lexicon imasunga mayina akalewa, mukalemba lakale imakulozerani latsopano. Red marl wanuyo, pamalo pamene mwafotokozapo, akuoneka kuti ndi Roxby.

Tsopano laimu woyera wofewa pansi penipeni pa red marl. Pamenepo ndi pamene gypsum ya Roxby imakhala. Brotherton nthawi zambiri ndi wotuwa, wa timagawo topyapyala, ndipo sadziwika ndi kufewa. Zitsime zambiri zakale zinkabooledwa popanda kutulutsa core, mwala wathunthu wonga mtondo wa m'chibowo. Woboola ankangoona tizidutswa tobwera ndi madzi, chilichonse choyera n'kuchilemba kuti laimu. Kusokoneza gypsum ndi laimu kotereku n'kodziwika bwino m'dera limeneli, ndipo kwachitikapo ngakhale pa ntchito za masiku ano. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta mwala uli m'manja: gypsum imakandika ndi chikhadabo ndipo siichita thovu mukaidonthezera asidi wa hydrochloric wosungunula, pamene laimu sakandika ndipo amachita thovu. Dolomite amachedwa kuchita thovu mpaka mutamupera, ndiye chikhadabo n'chimene chimagamula. Koma pa pepala lakale simungayese kanthu. Mu lipoti lembani mawu a woboola mmene alili, kenako onjezani kuti mwina ndi gypsum, ndi chifukwa chake.

Ma log afupiafupi aja musawataye. Sanena za thanthwe, koma amaulula maenje akale. Muwaike pa mzere umodzi. Mukaona asanu akuonetsa nsangalabwi kuyambira pa mita imodzi, wachisanu ndi chimodzi n'kuonetsa peat kapena dongo lofewa la mamita 6, ndi ma SPT N (manambala oyeza kulimba kwa dothi) otsika kwambiri, ameneyo anabooledwa m'dzenje limene linatitimira kale n'kudzadzidwa. Chimodzimodzi made ground (dothi lothiridwa ndi anthu) yochindikala pamalo amodzi okha: anthu akhala akutaya zinyalala ndi zigumukire m'maenje amenewa kwa zaka zambiri. Layer ya artificial ground siionetsa zonsezi, imangoonetsa zimene wojambula mapu anazidziwa pa nthawi yake. M'ma log akuya fufuzani mawu ngati cavity, void, broken ground, no recovery, loss of flush, kapena pamene ndodo zoboolera zinangogwa zokha. Mwala wa pamwamba ukapezeka pansi kuposa pamene uyenera kukhala, woswekasweka, ndiye kuti unagwera m'phanga.

Borehole yopanda mpata siitsimikiza kuti malo ndi abwino. Chibowo cha masentimita 10 chikhoza kudutsa mita imodzi pambali pa phanga osadziwa kanthu.

Zinthu ziwiri zimene sizili pa BGS koma n'zofunika kuziika pansi pa mapu omwewo. Choyamba LiDAR (miyeso ya mtunda yotengedwa ndi laser kuchokera m'ndege) ya Environment Agency, DTM (mapu a kukwera kwa nthaka yokha) ya mita imodzi, yaulere ndipo ili kale pa 27700. Pangani hillshade (chithunzi cha mithunzi ya mtunda) kawiri, kuwala kuchokera mbali ziwiri zosiyana, chifukwa kadzenje kosaya kamabisala kuwala kukachokera mbali imodzi. Tengani DTM osati DSM, apo ayi muziona mitengo ndi madenga. Chachiwiri mapu akale a Ordnance Survey a six-inch pa tsamba la National Library of Scotland, amene ku Yorkshire amayambira m'ma 1850. Kadziwe kozungulira kopanda mtsinje wolowa kapena wotuluka, kamene kali pa mapu akale koma pa atsopano palibe, kalembeni. Maenje a ku Ripon amakonda kundandalikana potsata ming'alu ya m'thanthwe, choncho mukapeza atatu pa mzere umodzi, onani kumene mzerewo ukulowera.

GeoSure ya BGS ili ndi gawo la miyala yosungunuka, imene imaika malo pa A mpaka E. Yatsatanetsatane ndi yolipira, imabweranso m'malipoti ogula aja. Yaulere ndi ya mabokosi a makilomita 5, yongokuuzani zimene a khonsolo anena kale.

Desk study yanu ithere pa zoyenera kuchita kumalo. Maenje okumba ndi JCB ndi ma borehole a mamita 5 pano sakwanira. Pafunika rotary, makina oboola mozungulira, yotulutsa core, yodutsa gypsum, ndipo core ilembedwe ndi munthu woidziwa gypsum. Microgravity kapena resistivity, njira zopimira za pansi popanda kuboola, zichitike poyamba kuti zisonyeze poboola. Oboola achenjezedwe za madzi okwera okha, ndipo chibowo chilichonse chitsekedwe ndi grout (phala lotsekera mabowo) kuyambira pansi mpaka pamwamba, chifukwa chikasiyidwa chimasanduka njira yatsopano ya madzi kulowa mu gypsum. Soakaway, dzenje lomwetsa madzi m'nthaka, ayi, madzi a padenga apite mu dreni, ndipo mapaipi akhale olola kupindika pang'ono osathyoka. Dothi ndi madzi ziyezedwe sulphate potsata BRE Special Digest 1, popeza sulphate amadya konkire wamba. Pa maziko, nyumba zing'onozing'ono kawirikawiri zimaikidwa pa raft (silabu imodzi ya konkire pansi pa nyumba yonse) yolimbitsidwa kuti iime ngakhale pansi pake patatseguka mpata. Ma pile, mizati yozamitsidwa pansi, si yankho lachangu monga ambiri amaganizira: akhoza kuima pa denga la phanga, kapena kukokedwa pansi nthaka ikamatitimira. Ndipo fomu ya khonsolo imafuna siginecha ya katswiri wovomerezeka wa za nthaka. Onetsetsani msanga kuti amene adzasaine akukwanira pa zimene khonsolo ikufuna, ntchito isanafike patali.

Che_Likangala

Ndawerenga zonsezi ndili ku Zomba. Kodi GeoIndex yomweyi ingandionetse miyala ya kuno, kunena za malo oti tiboole mjigo?

Mbewe_GIS

Ayi achimwene, GeoIndex Onshore ndi ya Britain. Ngakhale Northern Ireland ili ndi yakeyake ya GSNI, bungwe lawo la za miyala. Chimene BGS ili nacho chokhudza kumudzi ndi Africa Groundwater Atlas, mmene muli tsamba la Malawi ndi mapu a miyala ndi madzi a pansi otsitsa ulere. Koma sikelo yake ndi 1:5 000 000, milimita imodzi makilomita 5. Akuuzani kuti kuno ndi Basement, uko ndi Karoo, uko ndi mchenga wa m'chigwa, osati poimika makina. Mapu atsatanetsatane, monga a 1:100 000 ndi ma bulletin ake, ndi a Geological Survey Department konko ku Zomba. Portal ya mining cadastre imaonetsa malire a malaisensi a migodi, si mapu a miyala. Vuto la datum lija kumeneko n'lokulirapo: mapu akale ali pa Arc 1950, ndipo mukawasanjika pa WGS84 osasintha amaphonya ndi mamita pafupifupi 300. Mukajambula mapu a pepala n'kuwaika mu QGIS, CRS yake ndi EPSG:20936, pamene GPS yanu ikakhala pa UTM ili pa 32736.

Chimwala

Ndiwonjezere pa log ya mapazi 62 ija. A Gama anena zoona kuti ikuoneka ngati gypsum, koma pali njira yoyesera osachoka pa desiki. Kulitsani dera lofufuza mpaka mamita 500 kapena kilomita, mupeze ma borehole atatu amene anafika pamwamba pa Brotherton mosakayikitsa, makamaka amene ali ndi core kapena amene katswiri wa BGS analembapo mayina a miyala m'mphepete mwa scan. Zolemba za m'mphepetezo zimakhala za dzanja lina, ndipo n'zodalirika kuposa za woboola. Sandutsani atatuwo kukhala AOD. Asakhale pa mzere umodzi. Kuchokera pa atatuwo mupeza kupendekera kwa thanthwe, n'kuwerengera pamene Brotherton ayenera kukhala pansi pa borehole yanuyo. Akapezeka kuti ayenera kukhala mamita angapo pansi pa 5.5 AOD, choyeracho si iye. Atatuwo akakana kugwirizana, wina n'kutsika kwambiri kuposa anzake, musamukakamize kulowa mu mzere: pakhoza kukhala fault, kapena malowo anatitimira kale, ndipo zonsezo n'zolemba mu lipoti.

Scan iliyonse muitsegule mpaka tsamba lomaliza. Kawirikawiri kumapetoko kumakhala kamapu kojambula pamanja kosonyeza pamene anaboola poyerekeza ndi msewu kapena khoma, ndipo nthawi zina kamatsutsana ndi kadontho ka mu GeoIndex. Zikatero tsatani kamapuko, ndipo mu tebulo lanu muike ma coordinate onse awiri, a mu index ndi amene mwakonza, pamodzi ndi tsiku limene munatsegula data.